Banja la ku Maputo limakhala bwanji, ndipo zikukhudza ciyani voti yanu?

Amayi ndi abambo, acinyamata, nonse a m'midzi ya m'malire, kuyambira ku Cassacatiza, Calómuè, Tsangano ndi Zóbuè mpaka ku Milange ndi Mandimba:

Nthawi ya kampanya ikafika, dzina la Maputo silisowa pa msonkhano. Wina amaima pa galimoto n'kunena kuti mukamuvotera, kuno kudzawala ngati ku Maputo. Mnzake amabwera mawa lake n'kunena kuti ndalama zanu zonse zikudyedwa ndi anthu a ku Maputo. Onse awiri amalankhula ngati Maputo ndi khomo limodzi lokhala ndi mphika umodzi. Ambiri a ife sitinapondeko, ndiye timangovomera. Kucokera ku Ulónguè ndi ulendo wa makilomita oposa 1,700, pamene Lilongwe ndi Blantyre zili pafupi, ndipo m'midzi yambiri kwacha imayenda m'manja kuposa metikali.

Nchito yanga ndi kutsogolera zokambirana m'midzi. Sindikuuzani cipani coti muvotere. Ndikufuna tione pamodzi mmene mabanja a ku Maputo amapezera ndalama ndi kumene ndalamazo zimathera. Maganizo anga ndi akuti olankhula awiri aja onse akukubisirani kanthu, ndipo kanthuko kakukhudza mtengo wa cimanga ndi kacewere wanu.

Maputo wake uti?

Coyamba tigwirizane za malo. Pali mzinda wa Maputo, umene paokha uli ngati cigawo. Pali Matola, mzinda wina woyandikana nawo. Ndiye pali Boane ndi Marracuene, kumene nyumba zafalikira mpaka malire sakuonekanso. Anthu amagona ku Matola kapena ku Marracuene n'kumagwira nchito ku Maputo. Pa kalembera wa 2017, wocitidwa ndi Instituto Nacional de Estatística, INE, mzinda wa Maputo unali ndi anthu pafupifupi 1.1 miliyoni, Matola kupitirira pang'ono miliyoni imodzi. Malo anayi onsewa pamodzi anali ndi anthu pafupifupi mamiliyoni 2.5. Cigawo conse ca Tete, kucokera ku Zumbo mpaka ku Mutarara, cinali ndi anthu pafupifupi mamiliyoni 2.6. Ganizani anthu onse a m'cigawo ca Tete atapanikizana pa malo amene galimoto ingadutse pa maola awiri.

Pakati pa kalembera wa 2007 ndi wa 2017, ciwerengero ca anthu mu mzinda wa Maputo weniweniwo sicinasinthe kwenikweni. Cigawo ca Maputo, cimene cazungulira mzindawo, cinacoka pa anthu 1.2 miliyoni kufika pafupifupi mamiliyoni 2. Mkati mwa mzinda malo anatha ndipo renda inakwera, conco mabanja atsopano anapita kunja kukafuna kadziko koti amangepo.

Kuyambira nthawi ya Apwitikizi, mzindawu uli pawiri. Pali mzinda wa simenti: Polana, Sommerschield, nyumba zosanja, maofesi, akazembe a maiko akunja. Uwu ndi umene mumauona pa kanema ndi pa zithunzi za kampanya. Ndiye pali umene ankaucha mzinda wa bango: Chamanculo, Xipamanine, Mafalala, Maxaquene, Hulene. Bango linacepa, tsopano ndi mabuloko ndi malata, koma tinjira take ndi topapatiza ndipo mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba. Anthu ambiri a ku Maputo amakhala kumeneko. Mu February 2018 phiri la zinyalala la ku Hulene linagumuka usiku mvula itagwa kwambiri, n'kukwirira nyumba zimene zinali m'munsi mwake. Anthu osacepera 16 anafa. Nawonso anali anthu a ku Maputo.

Manambala akuti ciyani?

A INE akamawerenga banja, sawerenga mtundu kapena mbumba. Amawerenga anthu ogona nyumba imodzi ndi kudya mphika umodzi. Mu 2017 banja la m'Mozambique linali ndi anthu 4 kapena 5, ndipo banja limodzi mwa atatu alionse mutu wake anali mayi. Kupatula kalembera, pali kafukufuku wina wochedwa IOF, amene amalowa m'makomo n'kulemba zimene banja ladya ndi zimene lagula. Cimanga cocokera m'nkhokwe yanu nacho amaciika pa mtengo ngati mwacita kugula.

IOF ya 2014/15 inapeza kuti m'dziko lonse anthu 46 pa 100 alionse anali pa umphawi. Ku Niassa anali 61, ku Zambézia 57, ku Tete 32, mu mzinda wa Maputo 12 okha. Tisabise, kusiyanaku ndi kwakukulu. Amene amakuuzani kuti Maputo ali patsogolo sakunama. Pa magetsi, madzi a m'mipope, sukulu za sekondale ndi zipatala, kusiyana kwake n'koposa apa. Mu 2017 mabanja 22 okha pa 100 m'dziko lonse ndiwo ankayatsa magetsi m'nyumba, pamene ku Maputo ndi Matola nyumba zambiri zinali nawo kale.

Koma tiyeni tifunse: kodi kutuluka mu umphawi, malinga ndi kawerengedwe kameneka, kunkatanthauza ciyani? Boma linaika muyeso wa ndalama zimene munthu mmodzi amafunika pa tsiku. M'midzi ya Tete ndi Manica muyesowo unali pafupifupi mametikali 25. Mu mzinda wa Maputo unali pafupifupi mametikali 40. Munthu wa ku Chamanculo amene ankadya ndi kugula za mametikali 41 pa tsiku sankawerengedwa kuti ndi wosauka. Pa nthawi yomweyo chapa, minibasi ija, inkalipitsa mametikali 7 ulendo waufupi ndi 9 ulendo wautali. Kupita ku nchito ndi kubwerera, mametikali 18 apita, munthu asanalume kanthu. Amene amakhala kutali amakwera chapa ziwiri kapena zitatu kuti akafike. Ena amakwera malole osatseka, amene anthu akumeneko anawapatsa dzina lanthabwala lakuti My Love, cifukwa umayenera kukumbatira munthu wosamudziwa kuti usagwe.

Nambala ya Tete ija, 32, nayonso muisamale. Yasakaniza mzinda wa Tete, migodi ya Moatize, nthaka yabwino ya Angónia ndi madera ouma a Changara. Palibe mudzi umene ungadzione bwino mu nambala imeneyo. Cimodzimodzi nambala ya Maputo yasakaniza mwini nyumba ya ku Sommerschield ndi mlonda amene amagona pa geti lake. Mwini nyumba akadya nkhuku ziwiri, mlonda n'kugona ndi njala, pepala limati aliyense wadya nkhuku imodzi.

Ndipo zinthu sizinaime pamenepo. Mu 2016 zinaululika kuti makampani atatu a boma, Ematum, ProIndicus ndi MAM, anakongola ndalama zokwana pafupifupi madola mabiliyoni 2 mu 2013 ndi 2014, boma likuikira kumbuyo popanda cilolezo ca Nyumba ya Malamulo. Maiko othandiza anaimitsa thandizo lawo ku bajeti. Dola imene inkagulidwa ndi mametikali 30 ndi kanthu kumayambiriro kwa 2015 inapitirira 75 mu 2016. Kenako kunabwera mphepo za Idai ndi Kenneth mu 2019, matenda a Covid-19 mu 2020, ndi nkhondo ya ku Cabo Delgado imene inayamba mu 2017. Kafukufuku wa 2019/20 anapeza anthu 68 pa 100 ali pa umphawi, wa 2022 anapeza 65. Wa kampanya akakuchulirani nambala, mufunseni kuti ndi ya caka citi.

Ndalama zimalowa bwanji pakhomo?

Apa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni pakati pa banja lanu ndi banja la ku Maputo. Inu ndalama mumaiona kwambiri kamodzi pa caka, mukagulitsa fodya, cimanga, nyemba, soya, nandolo kapena kacewere. Miyezi ina mumadalira nkhokwe. Nkhokwe ikatha mu January ndi February, mumapita ku ganyu. Banja la ku Maputo lilibe nkhokwe. Alipo olima ndiwo zamasamba m'zigwa za Infulene ndi Mahotas, koma ndi ocepa. Ambiri cinthu ciliconse amagula: mpunga, ufa, pau, makala, madzi, magetsi a Credelec olipiriratu, renda, ulendo. M'madera ambiri atsopano a Matola ndi Marracuene madzi amacokera kwa munthu wamba amene anakumba cijigo cake n'kukokera mapaipi m'nyumba za anzake, ndipo amalipiritsa mwezi ndi mwezi. Tsiku limene ndalama sinalowe, moto suyaka.

Alipo olembedwa nchito m'boma, m'mabanki, ku doko ndi m'mafakitale a ku Matola. Amenewa ndi oculuka ku Maputo kuposa kwina kulikonse m'dziko, ndipo ndiwo amakweza manambala a mzindawo. Koma pakhomo la anthu asanu, wolandira malipiro a pamwezi amakhala mmodzi, kapena sakhalapo n'komwe. Otsalawo amapeza ndalama monga angathere. Mayi amagulitsa tomato pa kathebulo pakhomo, kapena amakazinga mabajiya m'mamawa. Mnyamata amagulitsa mayunitsi a foni, amaitanira anthu pa chapa, kapena amakankha ngolo yamanja imene amaicha tchova. Ena amagulitsa pa misika ya m'mphepete mwa msewu yochedwa dumba nengue, kutanthauza kuti dalira miyendo yako, cifukwa apolisi a mzinda akabwera umanyamula katundu n'kuthawa. Amayi ochedwa mukheristas amapita ku malire a Ressano Garcia ndi Namaacha kukaoda katundu, monga mmene ife timacitira pa Lizulu kapena pa Muloza.

Malipiro ocepetsetsa amakambidwa caka ndi caka ndi boma, olemba nchito ndi mabungwe a anchito, gawo lililonse la nchito ndi mtengo wake. Koma amakhudza okhawo olembedwa mwalamulo. Lamulo la 2008 lonena za anchito a m'nyumba silinaike malipiro ocepetsetsa, conco mtsikana wocapa ndi kuphika ku Polana amalandira zimene wagwirizana ndi bwana wake. Makolo amene mukuganiza zotumiza mwana wanu ku mzinda kukagwira nchito ya m'nyumba, kaya ku Maputo, ku Beira kapena ku Tete, izi muzidziwe asananyamuke.

Nanga nyumba amamanga bwanji? Pang'onopang'ono, monga ife. Amasonkha ndalama m'magulu a xitique, cimene kuno timati cipereganyu. Ikafika nthawi yake munthu amagula matumba a simenti, amaumba mabuloko, amadikira ulendo wina. Nyumba imatha zaka khumi isanathe, anthu akugonamo. Lamulo la nthaka la 1997 limati nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa, koma ku Marracuene palibe amene amapeza malo popanda kulipira wina wake.

Cifukwa ciyani boma limawamva msanga?

Banja limene limagula ciliconse limamva kukwera kwa mtengo tsiku lomwelo. Ndipo mabanja amenewa ndi mazanamazana, akukhala mothithikana, pafupi ndi maofesi a nduna. Pa 5 February 2008 mtengo wa chapa unakwera kucoka pa mametikali 5 kufika 7.5, ndi kucoka pa 7.5 kufika 10. Anthu anatseka misewu ndi matayala oyaka. Boma linabweza mtengowo n'kuyamba kulipirako mafuta a eni chapa. Pa 1 ndi 2 September 2010 zinacitikanso cifukwa ca mtengo wa pau, madzi ndi magetsi. Anthu 13 anafa malinga ndi boma. Patangopita masiku ocepa, boma linabweza mtengo wa pau n'kuyamba kulipirako ufa wa tirigu kwa ophika, ndipo linapitiriza mpaka 2017. Zionetsero zimene zinatsatira cisankho ca pa 9 October 2024 zinayamba ndi mkangano wa mavoti, ndipo mabungwe oyang'anira anawerenga anthu oposa 300 amene anafa m'dziko lonse. Koma m'misewu ya Maputo ndi Matola anthu ankafuulanso za kudula kwa zinthu, ulova ndi ndalama zolipira pa mageti a misewu.

Sindikuyamikira kuotcha matayala, ndipo amene anataya ana awo m'masiku amenewo sangakuuzeni kuti anapindula. Cimene ndikufuna muone ndi ici. Tirigu wa pau uja pafupifupi yense amacokera kunja kwa dziko. Ndalama za boma zimene zinalipirira ufa umenewo zinali za tonse, kuphatikizapo msonkho umene mumalipira osadziwa mukagula mafuta a njinga yamoto. Kodi mtengo wa cimanga ukagwa mu May, wogula atabwera ndi sikelo yake n'kuchula mtengo umene akufuna, ndani anaitanitsapo msonkhano wa nduna? Mlimi amadandaula yekha pakhomo pake, mnzake ali kutali makilomita asanu. Mau ake safika.

Kacewere wathu ndi msika wa Zimpeto

Tsopano tifike pa cimene cimandiwawa kwambiri. Ku Zimpeto, kumpoto kwa mzinda wa Maputo, kuli msika waukulu wa pikulitsa umene umadyetsa misika ing'onoing'ono ya mzindawo. Kacewere ndi anyezi oculuka amene amatsitsidwa kumeneko amacokera ku South Africa. Pa miyezi ina, tomato nayenso. Pamene ku Tsangano ndi ku Angónia kacewere amaolera m'matumba m'mphepete mwa msewu, kapena amaoloka malire pa mtengo wolira.

Si kuti mayi wa ku Xipamanine amadana ndi kacewere wa kwathu. Iye amagula wochipa. Kucoka ku malire a Ressano Garcia kufika ku Maputo ndi makilomita osakwana 100, pa msewu wabwino wa N4. Lole yocoka ku Ulónguè iyenera kutsika ku Mussacama, kudutsa Tete, kufika ku Inchope, ndiyeno kulowa mu N1, msewu umene wakhala ndi maenje kwa zaka zambiri m'zigawo zina. Imatha masiku panjira, imathyoka masipuling'i, ndipo zonsezi zimalowa mu mtengo wa thumba. Tiwonjezepo kuti alimi a ku South Africa ali ndi mbewu yosankhidwa, madzi othirira caka conse ndi nyumba zosungiramo mbewu, pamene ife timakolola tonse nthawi imodzi n'kugulitsa tonse nthawi imodzi.

Conco anthu mamiliyoni aja, amene tsiku lililonse ayenera kugula cakudya, ndi msika waukulu koposa m'dziko lathu, ndipo ndalama zawo zambiri zikupita kwa mlimi wa dziko lina. Iwo akulira kudula kwa cakudya, ife tikulira kuchipa kwa mbewu, dziko limodzi, caka cimodzi. Wandale amene amakuuzani kuti mdani wanu ndi munthu wa ku Maputo sakufuna kuti mufunse za msewu. Amene amati kuno kudzakhala ngati ku Maputo nayenso sakufuna.

Ndalama zomangira zilipo zikafunika. Mlatho wa Maputo–Katembe, umene unatsegulidwa mu November 2018, pamodzi ndi misewu yake, unadya madola oposa mamiliyoni 700, ambiri mwa iwo ngongole yocokera ku China imene dziko lonse likubweza. Magetsi a ku Cahora Bassa, m'cigawo ca Tete, amayenda makilomita pafupifupi 1,400 pa mawaya kupita ku South Africa, kudutsa pamwamba pa midzi imene ikuunikira ndi tochi. Zimenezi sanasankhe ndi mayi wogulitsa mabajiya. Anasankha ndi anthu amene anakhala pa mipando ndi mavoti, anu ndi ake.

Mphamvu yanu ili pati?

Mwina mukuti, nanga ife tingatani, popeza sitingatseke msewu wa ku Maputo? Onani mipando ya ku Assembleia da República. Yonse ndi 250. Iwiri ndi ya nzika zokhala kunja, 248 imagawidwa m'zigawo malinga ndi ciwerengero ca anthu amene analembetsa kuti avote. Mu 2019 mzinda wa Maputo unali ndi mipando 13, cigawo ca Maputo 20, Tete 21, Niassa 13, Zambézia 41. Mukaphatikiza Tete, Niassa ndi Zambézia ndi mipando 75, kuposa kawiri ya Maputo yense. Bajeti ya dziko, imene imanena kuti msewu uti umangidwe, imavomerezedwa ndi aphungu amenewa. Kuyambira 2019 bwanamkubwa wa cigawo naye amacokera m'mavoti anu.

Vuto la ife a m'malire ndi lakuti nthawi yolembetsa ikafika, ena ali ku fodya, ena ali tsidya lina ku maliro kapena ku msika, ena amati alibe ciphaso. Lamulo limalola kuti munthu wopanda ciphaso alembetse ngati mboni zodziwika za m'dera lake zamuikira umboni. Aliyense amene salembetsa amacepetsa mipando ya cigawo cake asanavote n'komwe.

Wofuna voti yanu akabwera ndi makapulana ndi makamizeta, musamufunse ngati amakonda Maputo kapena amadana naye. Mufunseni kuti thumba la kacewere likugulidwa zingati pano, ndipo likugulitsidwa zingati ku Tete, ku Beira ndi ku Zimpeto. Ngati sadziwa, ndiye kuti sanaganizepo za inu. Mufunseni kuti mu bajeti ya caka catha, ndalama za misewu ya m'distrito yanu zinali zingati, ndipo zinafika zingati. Inu a m'cigawo ca Tete mufunsenso za migodi. Kwa zaka zambiri madera a migodi ankabwezeredwa 2.75 pa 100 ya msonkho wa zokumbidwa, ndipo mu 2022 lamulo linakweza gawo lotsala m'zigawo kufika 10 pa 100. Afotokoze kuti ndalama zimenezo zamanga ciyani, ndipo pati. Mafunso omwewa apite nawo amene amakuimirirani ku conselho consultivo ya localidade ndi ya posto, cifukwa kumeneko safunika kudikira zaka zisanu.

Kalembera wa anthu wakhala akucitika zaka khumi zilizonse, mu 1997, 2007 ndi 2017, conco wotsatira akuyembekezeka mu 2027. Owerenga akafika pakhomo, musabise ana poopa msonkho, musabise m'bale amene mukudya naye mphika umodzi cifukwa anabadwira tsidya lina la malire. Akafunsa za madzi, anene mtsinje ngati mumamwa mu mtsinje. Akafunsa za sukulu, anene kuti ana amaoloka kupita ku Malawi ngati ndi kumene amaphunzira. Manambala amene adzaikidwe pambali pa a Maputo zaka khumi zikubwerazi adzacokera pa mayankho amenewo.